Khumbo Wanga, Khumbo wa Eni: Kutsegulira Kaundula Watsopano wa Ana pa Mpamba

Olemekezeka Gogo Chalo, eni nthaka imene tonse tapondapo lero, pamodzi ndi mafumu onse amene mwakhala nawo kutsogolo kuno;

Olemekezeka oimira a Bwanamkubwa a boma lino la Nkhata Bay;

Olemekezeka a Khansala a dera lino;

Abusa athu ndi akuluampingo onse, amene mwatitsegulira mwambowu ndi pemphero;

Akuluakulu a zaumoyo, a zachisamaliro cha anthu ndi apolisi;

Wapampando wa komiti ya msika wa Mpamba, Ada Zikani Manda;

Wapampando wa akabaza, Ada Overtoun Thole, amene ndikupemphani kuti musachoke, chifukwa dzina lanu limveka posachedwa;

Mkulu wa malo ano a Mthunzi wa Ana, Ama Joyce Nyalongwe, ndi alezi onse amene mumagwira nawo ntchito;

Ada Bright Mhone, katswiri amene mwatiikira makinawa ndi kuphunzitsa alezi kagwiritsidwe kake;

Amayi ndi abambo a mumsika, alimi a mpunga ochokera ku Limphasa, ogulitsa nsomba amene mwalawirira kuchokera ku Chintheche ndi ku Bandawe;

Ndi inu ana, eni ake enieni a tsikuli, amene ndikuona kuti mawu anga simukuwawerengera chifukwa maso anu ali pa keke;

Timoneni mosi.

Chitonga changa chathera pomwepo, ndipo ndikuona amayi a kumbuyoko ayamba kale kuseka. Mundikhululukire. Dzina langa ndine Sophie Chiumia. Kwathu kobadwira ndi ku Ntcheu, koma ndinakwatiwa ku Bandawe, ndipo apongozi anga anayesetsa zaka zambiri kundiwongola lilime mpaka anatopa. Lero ndimayang'anira ntchito za umoyo wa ana ku bungwe la Tilere Pamodzi, koma ena mwa inu mukundikumbukira ndili namwino wachitsikana pachipatala chathu chaching'ono chapafupipa, ndikukuwa maina a ana tsiku la sikelo.

Mtima wanga ukudumpha ndi chimwemwe. Ndatsegulirapo zipinda za sukulu, ndadulapo maliboni a mijigo, ndayankhulapo pamaso pa anthu ovala masuti, koma palibe mwambo umene ndinauyembekezera ngati uno, ndipo palibe kalata yondiitana imene ndinaiwerenga katatu ngati imene inachokera kuno. Tasonkhana kudzatsegulira kaundula wapamakina wa malo osungirako ana, malo amene mayi amabwera nthawi iliyonse, kusiya mwana wake kwa ola limodzi kapena maola asanu, kupita kukagulitsa malonda ake, nkudzamutenga akamaliza. Ino si sukulu ya mkombaphala imene ana ake ndi omwewo tsiku ndi tsiku. Pano nkhope zimasintha m'mawa uliwonse: lero wa ku Limphasa, mawa wa ku Kande, mkuja mlendo amene watsika minibasi ndi dengu la usipa. Kusunga ana otere ndi ntchito yolemera, ndipo ine kulemera kwake ndinakudziwira pa mwana wanga.

Ndiloleni ndikufotokozereni.

Munali mu Meyi, chaka cha 2006, nyengo yokolola mpunga. Amuna anga, a Austin, anali ku Joni kukagwira ntchito monga ankachitira amuna ambiri akuno, ndipo ine ndinatsala ndi mwana wathu wamkazi, Khumbo, wa zaka zitatu zosakwana bwino. Khumbo anali ndi mphumu. Fumbi likamulowa, chifuwa chinkamanga, nkumapuma ngati akuimba likhweru. Ndinkayenda ndi mankhwala ake opopera mkamwa m'thumba la yunifomu, ndipo masana aliwonse ndinkathamanga kukamuona.

Masiku amenewo, kuseri kwa msika uno kunali nyumba ya Ama Nyalongwe, awa akhala apawa. Analibe chikwangwani, analibe mpanda. Anali ndi khonde, mtengo wa mango, mphasa zitatu ndi mtima waukulu. Amayi a mumsika ankawasiyira ana, iwo nkumalemba maina m'kope la sukulu, dzina limodzi pa mzere umodzi. Mwana akatengedwa, ankachonga. Inenso ndinkasiya Khumbo wanga pamenepo.

Tsiku limenelo kunali msika waukulu, ndipo ana anafika makumi atatu ndi mphambu. Mlezi anali mmodzi. M'kope muja munalembedwa a Khumbo awiri, opanda dzina la bambo, opanda mudzi. Wina anali wanga. Winayo anali mwana wa Ada Raphael Kamanga, mlimi wa mpunga wa ku Limphasa, mtsikananso, msinkhu womwewo. Mayi ake anabwera kudzagulitsa mpunga, koma ali mumsika analandira uthenga woti mchemwali wawo wagonekedwa m'chipatala ku boma. Anaona minibasi ikudzaza, ndiye anaitana wakabaza amene ankamukhulupirira nkumuuza kuti, "Mukatenge Khumbo kwa Nyalongwe, mukamusiye kwa bambo ake kumunda." Iwo anakwera nkupita.

Wakabazayo ndi Ada Overtoun. Eya, awo akubisa nkhope m'chipewawo. Nthawi imeneyo analibe imvi ndipo analibe foni. Anafika pakhonde paja, naliza belu la njinga, naitana kuti, "Khumbo." Khumbo wa Ada Raphael anali mtulo m'nyumba. Khumbo wanga, amene ankakonda njinga kuposa chakudya, anathamanga manja ali m'mwamba. Ama Nyalongwe anali atagwada, akutsuka bondo la mwana wina amene anagwa pamwala. Anakweza maso, anaona mwana akukumbatira mwendo wa wakabaza ngati akumudziwa, anayang'ana m'kope, anaona dzina, anachonga. Ada Overtoun anamubereka ndi chitenje kumsana, ulendo wa ku Limphasa unayambika.

Ine ndinafika dzuwa lili paliwombo, mankhwala ali m'manja.

"Ama, Khumbo ali kuti?"

"Wagona, a nesi. Dikirani ndikamutenge."

Analowa m'nyumba, natuluka atanyamula mwana wogona, mutu uli paphewa pawo. Ndinaona mapazi okha ndipo ndinadziwa.

"Uyu si wanga."

Anamutembenuza mwanayo, namuyang'ana kumaso. Anamugoneka pamphasa pang'onopang'ono, natsegula kope lija, chala chikuyenda pa mzere uliwonse mpaka chinaima.

"Wapita ndi Overtoun," anatero ndi mawu otsika. "Wapita ku Limphasa."

Olemekezeka, inu mukudziwa chimene chimachitika ku Limphasa mu Meyi. Munda uliwonse akupuntha mpunga, munda uliwonse akupeta, fumbi ndi mungu zili tolo mumlengalenga. Kumeneko ndi kumene mwana wanga wa mphumu anapita, ndipo mankhwala ake anali m'manja mwanga.

Sindikumbukira mmene ndinafikira pasiteji. Ndikungokumbukira kuti ndinalumphira pa njinga ya wakabaza wina, amene dzina lake sindinalidziwe mpaka lero, nkumuuza kuti apalase ngati akuthawa moto. Tinatsika msewu wa tala, tinalowa wafumbi, tinafika poti njinga singapitirire. Ndinayamba kuthamanga m'timizere ta pakati pa minda, nsapato zoyera za chipatala zikumira m'matope. Imodzi inatsalira momwemo ndipo sindinaitembenukire. Aliyense amene ndinakumana naye ndinkamufunsa kuti, "Munda wa Ada Raphael uli kuti?" Wina analoza kum'mawa. Wina anandifunsa kuti, "Raphael wake uti? Alipo atatu." Ndinaima pakati pa dambo limenelo, namwino wophunzira, wodziwa kutchula matenda m'Chingerezi, ndipo ndinalira ngati mwana. Mayi wina amene ankapeta anatula lichero pansi, nandigwira dzanja, nati, "Kuli bambo wina uko wanyamula mwana wosakhala wake. Tiyeni."

Ndinawapeza pansi pa mtengo, kutali ndi popunthira. Ada Raphael atangoona mwanayo anadziwa kuti si wawo, ndipo Ada Overtoun anali atabwerera kale kumsika kudzera njira yachidule kukanena, nchifukwa chake tinasemphana. Koma bambo ameneyu, amene sanapiteko kusukulu ya unamwino, anamva kapumidwe ka mwanayo nazindikira kuti fumbi likumupweteka. Anasiya mpunga wake pamphasa, mbalame zikudya, namunyamula kupita naye kumene mphepo inkachokera. Anamukhazika tsonga pamiyendo pawo, anamumasula mabatani a diresi, nkumamuyankhula pang'onopang'ono m'Chitonga kuti asaope. Khumbo milomo inali itayamba kuda. Ndinagwada, ndinapopera kamodzi, ndinadikira, ndinapoperanso. Ndinaika khutu pachifuwa pake nkumamvetsera. Mphindi zimenezo zinali zazitali kuposa zaka zonse zimene ndakhala pa dziko lino. Kenaka likhweru lija linayamba kuchepa, mapewa ake anatsika, ndipo anandiyang'ana nkunena kuti, "Amayi, ndakwera njinga."

Sekani ndithu, inenso lero ndimaseka.

Ndili chikumbatire mwana wanga, ndinamva Ada Raphael akutsokomola pang'ono. Anali ataimirira, chipewa chili m'manja.

"Ama, wanu mwamupeza," anatero. "Nanga wanga ali kuti?"

Manyazi anandigwira. Bambo ameneyu anakhala pafupifupi ola lathunthu akusamalira mwana wa munthu wosamudziwa, asakudziwa kumene kuli mwana wake, ndipo ine sindinaganize ngakhale kamodzi zomuuza. Ndinati, "Ali bwinobwino, wagona pamphasa kwa Nyalongwe." Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, naphimba nkhope ndi chipewa chija. Ada Raphael anatisiya zaka zinayi zapitazo. Akazi awo ali nafe pano, ndipo ndikupempha kuti tiwaombere m'manja m'malo mwa amuna awo.

Zikomo. Nkhaniyi ikanathera pamenepo, bwenzi ili yokoma. Koma ili ndi mbali ina imene sindinaifotokozepo pagulu, ndipo ndi imene yandibweretsa kuno.

Nditabwerera kumsika madzulo a tsiku lomwelo, nsapato imodzi kuphazi, sindinapite kunyumba. Ndinapita pakhonde pa Ama Nyalongwe, ndipo msika wonse unanditsatira. Ndinawalalatira. Ndinawauza kuti mwana si thumba la chinangwa loti aliyense angonyamula. Ndinawauza kuti munthu wosadziwa kusiyanitsa ana awiri asamasunge ngakhale nkhuku. Ndinatenga kope lija nkuliponya pansi anthu akuona, ndipo ndinati ndikawanenera kupolisi. Mayi ameneyu, amene ankasunga mwana wanga tsiku ndi tsiku, kumudyetsa, kumupukuta mamina, kumuimbira nyimbo, anangowerama, natola kope lija, nalikuntha fumbi.

M'mawa mwake mphasa zija sizinayalidwe. Anatseka.

Amayi a mumsika anasowa kosiya ana, ndipo anayamba kukhala nawo pamalonda, m'mbali mwa msewu waukuluwu, pafupi ndi mbaula ndi ziwaya za mafuta. Pasanathe miyezi iwiri anandibweretsera mwana amene anapsa mkono ndi mafuta a mandasi. Patapita masabata atatu anabwera wina amene anagundidwa ndi njinga akukwawira mumsewu. Ndinawatsuka mabala ndi manja anga awa, ndipo mumtima ndinkadziwa kuti ana amenewa akanakhala pansi pa mango paja, pakanapanda pakamwa panga. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndikapepesa. Ndinkadutsa njira yozungulira kuti ndisaone khonde lija. Chaka chisanathe anandisamutsira kwina, ndipo ndinachoka osatsanzika.

Mwezi wathawu kalata inafika pa tebulo langa, yondipempha kuti ndidzakhale mlendo wolemekezeka. Nditayang'ana pansi pake ndinaona dzina la wosaina: Joyce Nyalongwe. Ndinakhala nayo masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinaimba foni.

"Ama Nyalongwe, mukudziwa amene mwamuitanayo?"

"Ndikudziwa, a nesi."

"Mukukumbukira zimene ndinakunenani?"

"Ndikukumbukira zonse," anatero. "Nchifukwa chake ndaitana inu. Bwerani mudzaone. A Khumbo tsopano tili nawo asanu ndi awiri, ndipo sitisokoneza."

Ama Nyalongwe, ndikupempha muimirire. Ndinakunyozani pagulu, pamsika womwe uno, choncho sikoyenera kuti ndikupepeseni pafoni kapena kuseri kwa nyumba. Tsiku lija vuto silinali mtima wanu, ndipo silinali maso anu. Munali munthu mmodzi, ana makumi atatu, kope limodzi. Munkasenza katundu wa msika wonse popanda wokuthandizani, ndipo mutapunthwa kamodzi, ine amene ndinkayenera kukugwirani mkono ndi amene ndinakukankhani. Pamaso pa Gogo Chalo, pamaso pa Abusa, pamaso pa amayi amene anamva mawu anga oipa aja, ndikuti pepani. Ndinalakwa.

Ndipatseni kamphindi. Amayi, nyimbo mwayambayo ipitirire pang'ono, indithandize.

Yewu, Ama, zikomo pondikhululukira. Yewu ukongwa.

Tsopano tipukute misozi, chifukwa lero ndi tsiku la chisangalalo, ndipo zimene ndaona m'mawa uno zandichititsa kufuna kuvina. Ndamva kuti patapita zaka zinayi amayi a mumsika anapita kukagwada kwa Ama Nyalongwe kuti atsegulenso, ndipo anavomera. Ndamva kuti pofuna kuti zija zisachitikenso, ankamanga ulusi wamitundu pamkono pa mwana ndi wina wofanana nawo pamkono pa mayi, mpaka mitundu ya ulusi inatha ana akuchulukirabe. Ndamva kuti komiti ya Ada Zikani inaumba njerwa, mafumu anapereka malo, mpingo unapereka malata, akabaza anatuta mchenga pa njinga zawo. Ife a bungwe tabwera kumapeto, ndi tabuleti ziwiri, sola padenga ndi maphunziro. Nyumbayi ndi yanu, nzeruyi ndi yanu, ife tangoonjezera chida.

Ndipo ndi chida chotani nanga. Mayi akafika koyamba, mlezi amajambula mwana, amajambula mayi, amalemba dzina la mwana, la bambo, la mudzi ndi nambala ya foni. Kenaka amafunsa funso lalikulu: ndani wina amene mukumuloleza kudzatenga mwanayu? Ngati ndi agogo ake, nkhope ya agogo ilowe. Ngati ndi wakabaza, nkhope ya wakabazayo ilowe. Zonsezi zimatenga mphindi zisanu, ndipo zimachitika kamodzi kokha. Tsiku lina lililonse mayi akabwera, kaya patha sabata kaya patha miyezi itatu, amangoonetsa khadi limene analandira polembetsa, mlezi nkudina, mwana walowa. Nsomba sizikuwonongeka padengu, kasitomala sakuthawira kwa mnzako.

Mwana akamatuluka, makina amaonetsa nkhope ziwiri, ya mwana ndi ya womutenga, ndipo nthawi yomweyo uthenga umalira pafoni ya mayi: mwana wanu watengedwa nthawi yakuti ndi uje. Foni yake siyofunika kukhala yapamwamba, kaya ndi kaja ka mabatani komanga ndi mphira, uthenga umafika. Amene alibe foni amalembetsa ya mnansi wake wapabenchi. Zikachitika zadzidzidzi, monga zinawachitikira akazi a Ada Raphael, mayi amaimba, makina amamutumizira nambala yachinsinsi ya tsiku limenelo lokha, iye nkuipereka kwa amene wamutuma. Wopanda nambalayo abwerera chimanjamanja, ngakhale alize belu mokoma bwanji. Ada Overtoun, mwamva?

Akuti amva, ndipo akuti iwo ndi amene anali oyamba kujambulitsa.

Chimene chandikhudza kwambiri ine monga namwino ndi ichi: mwana amene ali ndi mphumu, khunyu, kapena amene thupi lake limadana ndi mtedza, dzina lake limatuluka ndi mzere wofiira, ndipo nthawi ya mankhwala ikakwana tabuleti imalira yokha. Ndinafunsa Ada Bright kuti, nanga netiweki ikathawa, monga imachitira kuno mvula ikagwa? Anandiyankha kuti makina amagwirabe ntchito, nkhope zimaonekabe, mauthenga okha ndi amene amadikira netiweki ibwere. Ndinafunsanso kuti, nanga tabuleti ikagwera m'ndowa? Anati zonse zimasungidwanso kwina, ndipo yachiwiri imapitiriza pomwe inzake yalekera. Ndinayesetsa kuwapanikiza ndi mafunso, koma bambo ameneyu sanatuluke thukuta.

Ndipo amene wandionetsa zonsezi si Ada Bright. Ndi Ama Nyalongwe, a zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi, magalasi ali pamphuno, chala chikuthamanga pagalasi la tabuleti ngati akusankha mpunga. Akuti sabata yoyamba ankaopa kuigwira, ankati iwalemba zolakwa. Akuti sabata yachiwiri anajambula denga maulendo khumi asanajambule nkhope ya mwana. Lero ndi iwo amene akuphunzitsa alezi anzawo. Tsono ngati alipo pano amene amati zinthu izi ndi za m'tauni, ndi za achinyamata, ndi za anthu a ku Lilongwe, abwere adzaone pa Mpamba.

Komabe ndisakunamizeni. Makina alibe maso oona mwana amene akukwawira kuchipata, alibe msana woberekera, alibe mawu otonthoza. Amathandiza mlezi, salowa m'malo mwa mlezi. Choncho ndili ndi zopempha.

Kwa inu makolo: nenani zoona polembetsa. Mwana akakhala ndi matenda, musabise poopa kuti anthu adziwa. Mukasintha nambala ya foni, bwerani mudzanene. Banja likasokonekera ndipo pali wina amene simukufuna kuti atenge mwana, nenani msanga, musadikire tsiku la mavuto. Ndipo mlezi akakubwezerani mlongo wanu chifukwa nkhope yake mulibe m'makina, musapse mtima, musachite zimene ndinachita ine. Muthokozeni.

Kwa inu alezi: nkhope za ana a eni ndi matenda awo ndi chinsinsi. Zisatuluke mu tabuleti kupita m'mafoni mwanu, zisayende m'magulu ocheza, zisakambidwe pamjigo. Mayi amene wakuuzani za khunyu la mwana wake wakupatsani chinthu chimene mwina sanauze ngakhale apongozi ake.

Kwa inu mafumu athu, a komiti ndi apolisi: sola ili padengayo ili ndi anthu oisirira. Itetezeni. Ndipo kwa akuluakulu a boma amene muli pano, ndikupempha chinthu chimodzi chokha. Lero alezi ndi anayi, koma tsiku la msika waukulu ana amapitirira makumi asanu ndi limodzi. Tithandizeni kuphunzitsa ena, kuti pasadzapezekenso mayi mmodzi atagwada kutsuka bondo la mwana uku maso akuyang'anira chipata. Misika ya ku Chintheche ndi ku Kande yatumiza kale nthumwi kudzaona, ndipo a ku Usisya aimba foni kufunsa ngati zingafike kwawo pa boti. Ndawauza kuti zidzafika.

Ndisanakhale pansi, ndiulule kanthu kamene ndachita m'mawa uno, a Khansala ndi mboni. Titamaliza kuyendera zipinda, ndinaona kamwana kakamuna konenepa bwino, kovala malaya achikasu, kakusewera ndi zitsekerero za mabotolo. Ndinati ndiyese ngati zimene ndauzidwazi ndi zoona kapena ndi zokometsera alendo. Ndinakanyamula, kosalira nkomwe, nkuyamba kulunjika kuchipata, a Khansala pambuyo, apolisi pambali, duwa ili lili pachifuwa.

Pachipata panali mlezi, Ama Judith Nyamhone, awo avala duku lobiriwirawo. Anaimirira pakati pa khomo.

"Pepani, amayi, mwanayo mukupita naye kuti?"

"Ndikukamugulira bisiketi pagolosale apo, tibwera pompano."

Anakweza tabuleti, anayang'ana mwana, anayang'ana ine, anayang'ananso pagalasi.

"Nkhope yanu mulibe, amayi."

Ndinakwezako mawu pang'ono. "Kodi mukundidziwa ine? Ndine mlendo wolemekezeka. Makina mwagwirawo abwera ndi bungwe langa."

A Khansala anayesa kundithandiza, nati, "Aloleni, awa ndi abwana." Koma Ama Judith pakhomo sanasunthe. Anagwada mwaulemu wonse, natambasula manja, nati, "Ndikukudziwani, amayi, ndipo takulandirani ndi manja awiri. Koma Wisdom ali ndi anthu awiri omutenga, amayi ake ndi azakhali ake. Inu simuli pamenepo. Ndipatseni mwanayo."

Ndinamupereka. Olemekezeka, m'moyo wanga ndakanizidwapo zinthu zambiri, koma sindinakanizidwepo mokoma chonchi. Ndinafuna kumukumbatira mayi ameneyu pomwepo, koma manja ake anali otanganidwa ndi Wisdom. Mayi ake a Wisdom, muli kuti? Awo ali apo, akugulitsa tomato ngakhale pamwambo. Ama, gulitsani mtima uli m'malo. Mwana wanu sanathe kubedwa ndi mlendo wolemekezeka, khansala ndi wapolisi ataphatikizana.

Nthungululu zimenezo zipite kwa Ama Judith, ndipo zimveke mpaka ku Limphasa.

Tsopano ndikupempha Gogo Chalo, Ama Nyalongwe ndi Ada Zikani kuti abwere aime nane pano, ndipo mayi amene ali woyamba pamzere abwere ndi mwana wake, chifukwa sindikufuna kutsegulira ndi lumo ndi liboni lokha, ndikufuna kutsegulira ndi dzina la mwana. Ama Nyalongwe, tabuleti ili m'manja mwanu. Jambulani.

Walowa.

Choncho, ndi ulemu umene mwandipatsa, ndi chilolezo cha eni nthaka, ndiponso ndi chimwemwe chimene chikusefukira mumtima mwanga, ndikulengeza kuti kaundula wapamakina wa malo a Mthunzi wa Ana pano pa Mpamba watsegulidwa kuyambira lero, ola lino. Amayi, bweretsani ana, kagwireni ntchito zanu, mudzawapeza.

Mulungu adalitse ana athu, adalitse manja owalera.

Yewu ukongwa. Zikomo kwambiri.